Tisitima ta M'makatuni ndi Njanji Yeniyeni ya ku Salima

Kusonkhanitsa sitima zazing'ono zoseweretsa, makamaka zimene zimapangidwa motengera anthu ndi nyama za m'makatuni, ndi chizolowezi chimene chinazika mizu ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, kumene anthu akuluakulu ndithu amalowetsa ndalama zochuluka ndiponso zaka zambiri akufunafuna mitu ya sitima, mabogi ndi tinjanji timene kampani yakutiyakuti inapanga m'chaka chakutichakuti. Makatuni ndi mafilimu a zithunzi zojambula pamanja kapena pakompyuta zimene zimaoneka zikuyenda ndi kuyankhula, ndipo sitima ya m'katuni ndi ija imene ili ndi nkhope, dzina ndi khalidwe lakelake, kapena imene yanyamula chifaniziro cha Mickey Mouse ndi anzake. Kunyanja ku Salima chizolowezichi si chofala, popeza ndalama za pabanja zimathera ku chakudya, feteleza ndi fizi, komabe tisitima totere timafikako ndithu, kamodzikamodzi, kudzera m'mabelo a kaunjika ndi m'zikwama za abale ochokera kutali, ndipo tikafika timadzutsa funso loyenera kufunsidwa m'boma limene linakula chifukwa cha njanji: kodi pamalo ngati amenewa, sitima yoyenera kusungidwa ndi kusonkhanitsidwa ndi iti?

Njanji yoyamba m'dziko muno, ya kampani ya Shire Highlands Railway, inatsegulidwa mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, kukafika ku Blantyre, ndipo panapita zaka 27 isanafike kunyanja kudzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima. Inafika mu 1935, chaka chomwecho chimene mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, kotero kuti katundu wokwezedwa padoko la Beira anayamba kufika m'mphepete mwa nyanja popanda kumuwolotsanso pa mtsinje ndi sitima yapamadzi. Kwa zaka 44 njanji inkathera pa Salima, ndipo fodya ndi mtedza wa kumtunda ku Lilongwe unkatsika ndi malole kudzakumana ndi thonje la kuchigwa pa siteshoni imeneyi. Ngakhale Ilala, sitima yapamadzi imene anthu akunyanja amaidziwa bwino, inadutsa pa njanji yomweyi ili zidutswazidutswa, pakuti inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, n'kubwera kudzera ku Beira ndi ku Chipoka isanalumikizidwe ku Monkey Bay ndi kuyamba ntchito mu 1951. Mu 1979 njanji inapitirira mpaka ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada, mu 1980 inafika ku Mchinji, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia.

Masiku ano sitima yonyamula anthu imene yatsala imayenda kumwera, cha ku Limbe, Balaka ndi Nayuchi, ndipo ana ambiri a ku Salima, Senga Bay ndi Chipoka akula osakwerako sitima ngakhale kuti amadumpha njanji tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, chaka chomwecho chimene kampani ya Central East African Railways inatenga ntchito yoyendetsa njanji za Malawi, ndipo chiyambire nthawi imeneyo makatuni akhala akufalikira kudzera m'madishi, m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndi m'mafoni, pamene sitima yeniyeni yakhala ikusowa pamaso pa anthu. N'chifukwa chake sizodabwitsa kupeza mwana amene angatchule dzina la sitima yabuluu ya pachilumba chongopeka cha Sodor koma sanamvepo kuti agogo ake ankakwera sitima pa Chipoka.

Kuti munthu amvetse chidole chimene chili m'manja mwa mwana woteroyo, ayenera kubwerera ku Germany, kumene kampani ya Märklin mu 1891 inaonetsa pa chionetsero cha malonda ku Leipzig sitima zoseweretsa zokhala ndi tinjanji tolumikiza komanso geji yokhazikika. Geji ndi mpata umene uli pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, ndipo kukhazikitsa mpata umenewu kunachititsa kuti wogula athe kuwonjezera mabogi, masiteshoni ndi milatho chaka ndi chaka popanda kutaya zimene anagula kale. Apa ndi pamene kusonkhanitsa kunabadwira, chifukwa chidole chinasanduka chinthu chimene sichitha kugulidwa tsiku limodzi. Joshua Lionel Cowen anayambitsa kampani ya Lionel ku New York mu 1900, ndipo Frank Hornby wa ku Liverpool, mwini wake wa kampani ya Meccano, anayamba kugulitsa sitima zake mu 1920.

Ukwati wa sitima ndi makatuni unamangidwa panthawi ya mavuto. Mu 1934 kampani ya Lionel inali itatsala pang'ono kugwa chifukwa cha kusokonekera kwa chuma kumene kunagwedeza mayiko ambiri kuyambira mu 1929, ndipo m'chaka chimenecho inagwirizana ndi Walt Disney kupanga kangolo ka panjanji kamene Mickey ndi Minnie Mouse ankaoneka akupopa chogwirira chake mosinthanasinthana, monga momwe anthu okonza njanji ankayendetsera tingolo tawo. Kangoloko kankayenda ndi sipuling'i yokunga ndi kiyi, kankagulitsidwa pa dola imodzi, ndipo tingolo toposa 250,000 tinagulidwa. Akatswiri a mbiri ya kampaniyi amasiyana maganizo pa nkhani yoti phindu la tingoloti ndilo linaipulumutsa kapena ayi, koma chimene opanga zidole onse anaphunzira n'chakuti nkhope yodziwika imagulitsa sitima kwa mwana amene alibe chidwi ndi mawilo kapena mapisitoni. Disney mwiniwakeyo ankakonda sitima kwambiri, moti mu 1941 anaika sitima yamoyo yotchedwa Casey Junior m'filimu ya Dumbo, ndipo mu 1950 anayala njanji yaing'ono kuseri kwa nyumba yake, yochepetsedwa kasanu n'katatu poyerekeza ndi njanji yeniyeni, n'kumakwezapo alendo ake.

Koma sitima imene inadzalamulira msika wonsewu inachokera kunyumba ya m'busa. Wilbert Awdry, wansembe wa mpingo wa Anglican ku England, anayamba kusimbira mwana wake Christopher nthano za sitima pamene mwanayo ankadwala chikuku mkati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo buku loyamba, The Three Railway Engines, linatuluka mu 1945, pamene lachiwiri, Thomas the Tank Engine, linatuluka mu 1946. Thomas, sitima yabuluu ya ku Sodor ija, ndi mutu wa sitima wa mtundu umene umasenza madzi ake m'mathanki a m'mbali ndi malasha ake kumbuyo, m'malo mokoka bogi lapadera la madzi ndi malasha, ndipo mitu yotere inkagwira ntchito yosuntha mabogi pa siteshoni ndi kuyenda maulendo aafupi. Chinthu chimene osonkhanitsa ambiri amachiiwala n'chakuti Thomas asanalowe m'buku anali chidole chosema kunyumba, chimene Awdry anapangira mwana wake kuchokera ku chidutswa cha mpini wa tsache ndi zotsalira za matabwa, popeza m'nthawi ya nkhondo zoseweretsa zinkasowa m'masitolo. Awdry analemba mabuku 26 kufikira mu 1972, ndipo ankaumirira kuti ngozi ndi zochitika za m'nthano zake zikhale zotheka pa njanji yeniyeni. Britt Allcroft atatengera nthanozi pa wailesi yakanema mu 1984, zimene anthu ankaona sizinali zojambula ayi, koma sitima zazing'ono zenizeni zoyenda pa tinjanji m'nyumba yojambulira, ndipo zithunzi za pakompyuta zinalowa m'malo mwake kuyambira mu 2009.

Makampani ambiri agulapo chilolezo chopanga Thomas. Hornby inapanga zamagetsi kuyambira mu 1985 mpaka mu 2018, Ertl inapanga zachitsulo zokankha ndi dzanja, Learning Curve inapanga zamatabwa zolumikizana ndi maginito, Tomy ya ku Japan inapanga zapulasitiki zoyendera mabatire pa tinjanji tabuluu, ndipo Bachmann inayamba mu 2002 kupanga zamagetsi zimene maso ake amayenda uku ndi uku sitima ikamathamanga. Mu 2012 kampani ya Mattel inamaliza kugula HIT Entertainment, imene inali mwini wake wa Thomas, pa mtengo wa madola 680 miliyoni. Nzeru imene imakoka wosonkhanitsa ili m'manambala olembedwa m'mbali mwa sitimazi, pakuti Thomas ndi 1, Edward ndi 2, Henry ndi 3, Gordon ndi 4, James wofiira ndi 5, Percy ndi 6 ndipo Toby ndi 7, kotero kuti mwana amene ali ndi 1, 4 ndi 6 amaona yekha mipata imene yatsala pa shelefu popanda womuuza. Vuto ndi lakuti yambiri mwa mitundu imeneyi siyenderana njanji, ndipo kawirikawiri mutu wa sitima wa kampani ina sungakoke mabogi a kampani inzake.

Kusayenderana kumeneku kumachokera pa zinthu ziwiri, geji ndi sikelo, ndipo sikelo ndi chiwerengero chosonyeza kuti chidolecho chachepetsedwa kangati poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Njanji zambiri za ku Ulaya ndi ku America zili ndi geji ya mamilimita 1,435, ndipo munthu akaichepetsa ka 87 amapeza mamilimita 16.5, umene ndi muyezo wotchedwa HO, wofala kwambiri pa dziko lonse. Angelezi amagwiritsa ntchito tinjanji tomweto ta mamilimita 16.5 koma thupi la sitima amalichepetsa ka 76 kokha, ndipo muyezo wawowu amautcha OO. Palinso O, wa mamilimita 32, umene Lionel amadziwika nawo, ndi N, wa mamilimita 9. Njanji ya ku Salima, mofanana ndi za ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ndi yopapatiza, ya mamilimita 1,067, ndiye kuti sitima ya Malawi yochepetsedwa ka 87 ingafune tinjanji ta mamilimita 12, pamene yoyenda pa tinjanji tofala ta 16.5 iyenera kuchepetsedwa ka 64 kuti ioneke moyenera. Kampani ya Lima ya ku Italy itapanga sitima za ku South Africa inangoziika pa tinjanji ta HO, ndipo odziwa amaona msanga kuti mawilo ake atangadza kuposa mmene sitima za kuno zimaimira.

Tisitima timene timafika pa msika wa Kamuzu Road ku Salima kapena m'misika ya masiku ya m'mbali mwa msewu wa kunyanja sitifika monga mmene tinatulukira m'fakitale. Kawirikawiri kamakhala kamodzi kokha, kataunjikidwa pamodzi ndi zidole zaubweya, timagalimoto tothyoka mawilo ndi zikwama za ana, ndipo wogulitsa amakatchulira mtengo poona kukula ndi kuwala kwake, osati dzina la kampani, wogula n'kunenerera monga mmene anganenerere malaya. Munthu akakanyamula amaona utoto wabuluu utasupuka m'makona, chumuni itaphwanyika pang'ono, nkhope yotuwa yozungulira ikadali kumwetulira, maginito a kumbuyo atagwira timisomali ndi fumbi lachitsulo, ndipo ngati ndi koyendera mabatire, chivindikiro chake nthawi zambiri chimakhala chitatsalira kudziko kumene kanachokera. Akakatembenuza amapeza kunsi kwake dzina la sitimayo, dzina la kampani, chaka cha chilolezo ndi dziko limene kanapangidwira, ndipo zilembo zimenezi ndizo zimasiyanitsa chenicheni ndi chongotengera, pakuti zongotengera, zimene zimadzaza m'masitolo a zinthu zotsika mtengo, zimakhala zopepuka, nkhope yake imakhala yomata ndi pepala, ndipo kunsi kwake kumakhala kopanda dzina la mwini chilolezo. Tinjanji take ndito timasowa kwambiri, chifukwa m'belo timabalalika ndi kuthyoka, ndipo mutu wa sitima wopanda njanji yake uli ngati khasu lopanda mpini. Maseti athunthu, kutanthauza mutu, mabogi, tinjanji ndi chowongolera zili pamodzi m'bokosi limodzi, amabwera ndi anthu ogwira ntchito ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Ulaya, kapena amagulidwa m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe.

Pa msika wa osonkhanitsa a kunja, mtengo wa chidole umadalira zinthu zimene kaunjika amazichotseratu. Chofunika koposa ndi bokosi lake loyamba pamodzi ndi pepala la malangizo, kenako utoto wosakandika, ziwalo zonse kukhalapo, ndi kuchepa kwa chiwerengero cha zimene zinapangidwa, ndipo chimene sichinatsegulidwepo n'komwe ndicho chimagulidwa ndalama zambiri kuposa zonse. Muyezo umenewu uli ndi nzeru zake, chifukwa ndi umene wasunga tingolo ta Mickey Mouse ta 1934 kufikira lero kuti ofufuza mbiri ya malonda ndi ya ubwana azitione. Komabe munthu wa ku Salima akaulandira wonse osaufunsa, adzapeza kuti chilichonse chimene angakwanitse kugula ndi chopanda pake, ndipo adzayamba kubisira mwana wake chidole chimene chinapangidwira mwana. Wosonkhanitsa wa kuno ali ndi mwayi wina umene anzake a ku London alibe, wophunzira kukonza, kusinthanitsa ziwalo ndi kupanga yekha chimene chasowa, ndipo amisiri okonza mawailesi, mawotchi ndi mafoni m'makhonde a masitolo ali kale ndi luso lowotcherera kawaya kamene kaduka kapena kutsuka kamota kamene kaima.

Nyengo ya kunyanja ili ndi zofuna zake. Chinyezi cha m'dzinja chimadyetsa dzimbiri tinjanji tachitsulo ndi masipuling'i, chimatupitsa matabwa mpaka mawilo kukanika kuzungulira, ndiponso chimafewetsa makatoni amene chiswe ndi mphemvu zimadzamaliza. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limafwifwitsa utoto ndi kupindika pulasitiki yosiyidwa pawindo kapena pansi pa malata, pamene mchenga wa kugombe ndi fumbi la nthawi ya mwera zimalowa m'magiya n'kuwaperesa pang'onopang'ono. Mabatire otsika mtengo akasiyidwa mkati amatulutsa madzi owononga timapale ta chitsulo timene amagundapo, choncho ayenera kuchotsedwa masewera akangotha, ndipo chidolecho chisungidwe m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Pa zamagetsi pali chenjezo limodzi lalikulu, lakuti magetsi a m'nyumba za ku Malawi ndi a mavoti 230 pamene a ku America ndi a mavoti 120, moti chowongolera chochokera kumeneko chikalumikizidwa kukhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu chimapsa nthawi yomweyo. Mbali yabwino ndi yakuti sitima zambiri za HO ndi OO zimayenda ndi mavoti osaposa 12, mphamvu yofanana ndi ya batire ya sola imene mabanja ambiri akumudzi ali nayo kale, bola pakhale kachipangizo kochepetsa ndi kuwonjezera liwiro.

Pali nkhani inanso imene makolo ayenera kuidziwa. Mu Juni 2007 kampani ya RC2, imene panthawiyo inkapanga sitima zamatabwa za Thomas, inaitanitsa zidole pafupifupi 1.5 miliyoni kuti zibwezedwe chifukwa utoto wofiira ndi wachikasu wa zina mwa izo, zopangidwa ku China pakati pa 2005 ndi 2007, unapezeka ndi mtovu, chitsulo chimene chimawononga ubongo wa mwana chikalowa m'thupi ngakhale pang'ono. Kuitanitsa kotere kumafika kwa amene anagula m'sitolo, koma sikutsata chidole chimene chinaperekedwa kwa mnansi, n'kupita ku bungwe lachifundo, n'kumangidwa m'belo. N'chifukwa chake sitima yamatabwa yakale yofiira, imene utoto wake ukusupuka, ndi yoyenera kukhala pa shelefu ya wamkulu osati m'manja mwa mwana amene akadali kuika zinthu m'kamwa.

Pamene zonsezi zikuchitika, ana a m'midzi ya kunyanja akupitiriza ntchito imene Awdry anaigwira ndi mpini wa tsache. Mnyamata amawongola waya wa mpanda wakale poumenya ndi mwala pa mwala unzake, amaupinda kukhala chimango cha galimoto, amamanga mfundo zake ndi kawaya kofewa ka mkuwa kochokera m'mota yakufa kapena ndi mphira wodula ku chubu cha njinga, ndipo mawilo amawasema ku patapata wakutha kapena amalumikiza zitsekerero za mabotolo ziwiriziwiri. Kenako amaika chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, cholumikizidwa mwanzeru kuti akapotoza dzanja mawilo akutsogolo akhote. Ena amasema chiwale, phesi la chimanga kapena dongo, ena amadula mapaketi a Chibuku kukhala malole, ndipo amene akufuna sitima amalumikiza mabokosi a machesi kapena zitini za nsomba ndi ulusi n'kumazikoka pa mizere iwiri yojambula pamchenga. Luso limeneli linadziwika kunja kudzera m'buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi, anatulutsa mu 1990, lonena za mnyamata wotchedwa Kondi amene akufunafuna waya m'mudzi mwawo. Mwana amapanga chimene amachiona, ndipo n'chifukwa chake maminibasi, malole ndi njinga zamoto zimachuluka pakati pa zidolezi pamene sitima ndi zochepa. Zimene zimapangidwazo sizisungidwa. Zikathyoka waya wake amalowa m'galimoto ina, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu wofuna kuona mmene ana a ku Africa ankapangira zoseweretsa zaka makumi angapo zapitazo angazipeze mosavuta m'nyumba zosungira zakale za kunja kusiyana ndi m'maboma amene zinapangidwira.

Eni ake a Thomas anazindikira mochedwa kuti ana a ku Africa nawonso amaonera. Mu 2018, m'filimu ya Big World! Big Adventures!, anabweretsa Nia, mutu wa sitima wa mtundu wa lalanje wa nambala 18 wochokera ku Kenya, wojambulidwa motengera mitu imene inkayenda pa njanji ya Kenya ndi Uganda, komanso Kwaku wa ku Tanzania. Ichi chinali chinthu chabwino, ndipo mtsikana amene wapeza Nia pa kaunjika ali ndi chifukwa chosangalalira. Koma Malawi sanafunikire kudikira kampani ya ku America kuti akhale ndi sitima za mayina, pakuti mitu iwiri yoyambirira ya Shire Highlands Railway, imene inapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, inali ndi mayina akuti Thistle ndi Shamrock, ndipo inali ya mtundu womwewo wosenza madzi ake okha, kungoti thanki yake inakhala pamsana pa boyila ngati chishalo. Thistle inasungidwa ku Limbe ndipo Shamrock ili ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Mu 1968 dziko la Malawi linatulutsa masitampu anayi a sitima zake, ndipo Thistle inali pa imodzi mwa masitampuwo, zimene zikusonyeza kuti panali nthawi imene boma linkaona mitu ya sitima ngati chinthu chonyaditsa mtundu.

Apa ndi pamene amisiri a kunyanja akanalowererapo. M'mbali mwa msewu wochokera ku Salima kupita ku Senga Bay muli misasa ya osema ziboliboli ndi oluka mlaza ndi nsungwi, amene manja awo anazolowera kupanga njovu, mipando ya mafumu, mabawo ndi timagalimoto tamatabwa togulitsa kwa alendo, ndipo kum'mwera, pafupi ndi siteshoni ya Mtakataka, kuli malo a KuNgoni ku Mua amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene mibadwo ya osema yaphunzirira ntchito. Mmisiri amene angaseme nkhope ya Thomas kuti agulitse angakhale akulowa m'munda wa eni, chifukwa dzina ndi chifaniziro chimenecho ndi zotetezedwa, ndipo Malawi nayenso ali ndi lamulo loteteza ntchito zaluso la 2016 komanso bungwe la COSOMA limene lakhala likuyang'anira nkhanizi kuyambira mu 1992. Mutu wa sitima wa malasha umene unkalira pa Golomoti, bogi la thonje, thanki yamadzi ya pa siteshoni ndi mlatho wa pa Linthipe ndi nkhani ina, pakuti zimenezi ndi mbiri ya anthu a m'chigwa chino, ndipo mmisiri akazisema pa muyezo umodzi wokhazikika, kuti bogi la chaka chino lidzakolane ndi mutu wa chaka chamawa, adzakhala atachita zomwe Märklin anachita mu 1891. Olemba nthano za ana m'Chichewa nawonso ali ndi malo pamenepa, chifukwa chimene chinapatsa Thomas moyo si utoto wabuluu koma nkhani zimene bambo wina ankasimba madzulo, ndipo nkhani za sitima ya ku Salima, za ochita malonda a nsomba, ana asukulu ndi amuna opita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, zikadali m'mitu ya okalamba amene anaikwera ndi amene anaigwirira ntchito.

Zimenezi sizikutanthauza kuti tisitima ta m'makatuni titayidwe. Shelefu imodzi ikhoza kusunga Thomas wa pa kaunjika, Percy amene amalume anabwera naye kuchokera ku Johannesburg, sitima yawaya ya mwana wa m'mudzi, sitampu ya 1968 ndi tikiti yakale ya Malawi Railways, ndipo chilichonse chikhale ndi kapepala konena kumene chinachokera, amene anachipanga ndi chaka chimene chinapezeka, popeza kapepala kameneka ndi kamene kamasiyanitsa kusonkhanitsa ndi kungounjika. Sukulu za pulayimale za ku Chipoka ndi ku Salima zikhoza kupeza pamenepa phunziro la masamu, la mbiri ndi la luso lamanja nthawi imodzi. Wofuna kupanga chifaniziro cholondola cha siteshoni ndi doko la Chipoka angayambe ndi kuyeza nyumba zimene zikadali chiimire, kufunsa amene anagwirapo ntchito ya njanji, ndi kufufuza zithunzi ndi mapulani ku nyumba yosungira zikalata za boma ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Akasankha kuchepetsa ka 64 adzatha kugwiritsa ntchito tinjanji ndi timamota ta HO ndi OO tochokera ku maseti akale, kuphatikizapo a Thomas amene matupi awo anaphwanyika, n'kumangapo matupi atsopano a matabwa opyapyala kapena malata a zitini. Pa muyezo umenewu kilomita imodzi ya njanji imatenga mamita oposa 15, choncho bwalo la siteshoni liyenera kufupikitsidwa kuti likwane m'kalasi, munthu woimirira papulatifomu amatalika masentimita osakwana atatu, ndipo Ilala, imene ndi yotalika mamita 52, ikaima padoko imatenga masentimita 81 a tebulo.